Hafu Inchi ya Apampando

Telala wa pakhonde amasunga zinsinsi zambiri. Kusukulu ana amaphunzira masentimita, m'sitolo nsalu amagulitsa pa mita, koma iye tepi yake amaiwerenga mbali ya mainchesi basi. Bwana akanena kuti m'chiuno mwawo ndi 34, uku atabweza mimba mkati mpaka maso kutong'oka, telala amalemba 38 m'kope mwake, pakamwa n'kumati, "Ndithu bwana, simunasinthe."

Zimenezo n'zazing'ono. Mutu unamuwawa tsiku limene anafika amayi asanu ndi awiri a banki mkhonde, aliyense ndi chidutswa cha chitenje chake. Ankafuna chofunda cha zigamba choti akapereke pa ukwati wa mwana wa mnzawo, m'lifupi mainchesi 60, ndendende kutalika kwa tepi. Lamulo linali limodzi: mizere ifanane, poti ndalama anasonkha zofanana.

Telala anakanda m'mutu ndi choko. Inchi ya pa tepi ili ndi timagawo 8: pali hafu, pali kota, pali hafu ya kota. Nsalu nayo ukamaipinda imagawika pawiri, panayi, kenako pa 8. Koma 7 imakana.

Mlembi wa gulu, amene ndi mphunzitsi, anatulutsa foni. "Ndi 8.571428, atelala."

"Zikomo aphunzitsi. Tandilozerani pa tepipa pamene pali 571428."

Aphunzitsi anabweza foni m'chikwama.

Telala anati mzere uliwonse ukhale 8 ndi hafu, koma adula 9 chifukwa msoko umadya kota uku ndi kota uku. Apa msungichuma anadzuka pa benchi. "Tikupatseni 9, mutibwezere 8 ndi hafu? Inayo ikupita kuti?" Funsoli musalipepuse. M'tauni muno aliyense anaonapo mwana wa telala atavala malaya a mitundu isanu.

Zitamveka za msoko, panatsala nkhani yaikulu. Mizere 7 ya 8 ndi hafu imakwana 59 ndi hafu. Hafu inchi yotsalayo, yongofanana ndi m'lifupi mwa kachala kakang'ono, inafunika mwini wake.

"Apatseni apampando," anatero wina, mawu ali okoma, nkhope itayang'ana kumsewu.

"Ayi anzanga, ine ndine ndani?" anayankha apampando, uku akukankhira chitenje chawo pafupi ndi makina. Kumapeto kwa benchi kunamveka kunong'ona kuti nthutumba ya nkhuku ya pa msonkhano watha inatheranso m'mbale yomweyo. Aliyense anaikana hafu inchiyo mokweza, ndipo aliyense anaonetsetsa kuti mnzake waikananso. Ulemu woterewu umatenga nthawi. Mnyamata amene anabweretsa buluku loti alipinde m'munsi anatopa n'kupita nalo lili lalitali.

Telala ndiye anapeza nzeru. "Amayi, mukanakhala 8, aliyense akanapeza 7 ndi hafu, popanda chotsala."

Nthawi yomweyo amayiwo anakumbukira mayi wina amene anamuchotsa m'gulu chifukwa cha ngongole. Anamuimbira foni, anamutchula "asisi", anamuuza kuti zakale zinapita, abwere ndi chitenje komanso chopereka chake. Nthungululu zinamveka mpaka pa siteji ya minibasi.

M'mawa mwake, telala asanatulutse n'komwe makina, apampando anali atafika kale pakhonde. Usiku anawerengera bwinobwino ndi zala, ndipo anabwera kudzafunsa mwaulemu kuti inchi yawo yathunthu yapita kwa ndani.