Safunsa Adadya Phula la Waya

Makolo potiuza kuti safunsa adadya phula ankaganiza za munthu wopeza chisa cha njuchi kuthengo n'kuyamba kutafuna zosatafunidwa. Sankadziwa kuti phulalo lidzasamukira m'tauni n'kukabisala pansi pa kapeti ya Toyota Vitz ku Area 11. La masiku ano ndi lakuda, limanunkha pulasitiki wopserera, ndipo alamu anga adalidya mpaka kukhuta.

Kagalimoto kawo kadachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam. Wayilesi yake imathera pa 90 MHz, ndiye masiteshoni ambiri a kuno inkangowadutsa ngati minibasi yodzadza. Alamu adati zimenezo n'zochititsa manyazi. Adatsikira ku Malangalanga n'kubwerako ndi ampulifaya ndi sipika yaikulu ngati mphika wa pamaliro. Pa katoni adalembapo mawati 3000. Katoni siyesedwa m'khoti, imalemba zomwe yafuna. Tizilembo ting'onoting'ono ta kumbuyo tinkati 500.

Area 11 ndi dera loti chiphokoso chachikulu ndi cha agalu ndi majenereta. Alamu adafuna kuti akamachokera ku City Centre, geti lizitseguka asanaimbe hutala.

Waya adadula ku ayironi yakufa. Apa ndi pomwe anthu ambiri amapusira, poti batire ya mavoti 12 sigwira munthu ngati magetsi a m'nyumba, ndiye amaiyesa mwana. Komatu mavoti akachepa, maampu ndiwo amachuluka. Ayironi ya mawati 1000 pa mavoti 230 siikoka ngakhale maampu 5, pomwe ampulifaya ya mawati 500 pa mavoti 12 imapitirira maampu 40. Kudutsitsa zimenezo m'kawaya ka ayironi kuli ngati kuuza mtsinje wa Lingadzi kuti udutse m'paipi ya kubafa. Pamafunika waya wonenepa ngati chala, uja amati 4 gauge, wamkuwa weniweni. Ena otchipa amangopakidwa mkuwa pamwamba, m'kati muli aluminiyamu, ndipo amatentha msanga.

Fyuzi ndiye sadaigule n'komwe. Adati ampulifaya ili kale ndi yake. Zoona, koma imeneyo imalondera ampulifaya yokha. Waya wautali wochokera ku boneti mpaka ku buti amafuna mlonda wakewake, fyuzi yoikidwa pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Popanda iyo, wayayo akangokhudza chitsulo, batire imakhuthula mphamvu zonse zomwe imalizira injini, ndipo waya amasanduka mbaula. Alamu adamudutsitsa pa bowo la chitsulo chakuthwa popanda kalabala kotchinga. Wa earth adamumanga pa bawuti yopakidwa penti, osapala. Ntchito yonseyi adagwira batire ili chilumikizire, waya wa negetivu osachotsa, sipanala ikuthetheka ngati usiku wa chaka chatsopano.

Sabata yoyamba zidayenda. Kungoti nyimbo ikagunda, nyali zinkaphethira ngati zagwidwa tulo, ndipo akaponda mafuta sipika inkalira ngati udzudzu, poti mawaya a mawu adawagoneka limodzi ndi wa magetsi.

Loweruka lina atangofika pageti, utsi udatulukira pansi pa mpando. Alamu adatuluka liwiro, nsapato imodzi itatsalira. Mlonda wawo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, adatsegula boneti, kutenga sipanala ya 10 m'thumba la jekete, n'kumasula negetivu. Utsi udaleka. Kenako adasuzumira n'kupukusa mutu.

"Bwana, tsiku lija mumalumikiza ndinaona kuti fyuzi palibe. Ndinagwirapo zaka zambiri pagalaja ku Biwi, mbali ya mawaya."

"Nanga bwanji simunanene, madala?"

"Simunandifunse, bwana. Munangoti ndigwire tochi."