Tsiku la Chipolopolo, mfumu ndi mwini jenereta

Chipolopolo, timu ya mpira ya dziko la Zambia, ikakhala ndi masewero, funso loyamba kumveka ku Kanyama silikhudza bondo la Patson Daka kapena maganizo a mphunzitsi. Anthu amadzuka n'kufunsana za malaiti. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, makomboni a mu Lusaka ankatha pafupifupi tsiku lathunthu opanda magetsi, ndipo kuyambira pamenepo wochemerera wanzeru amayenda ndi mindandanda iwiri m'mutu: wa osewera 11, ndi wa nyumba zomwe zili ndi jenereta kapena sola.

Pa mzere uliwonse wa nyumba pali bambo mmodzi wotere. Masiku onse anthu amamunena kuti ndi wodzimva, chifukwa anamanga mpanda wa mabuloko n'kusanja magalasi osweka pamwamba, komanso galu wake anadyapo nkhuku ya eni mlandu osaweruzidwa. Koma m'mawa wa tsiku la mpira, moni amamupeza asanasukusule n'komwe.

"Ba mudala, mwauka bwanji? Bamake bana bali bwino? Nanga ija jenereta, ikali kusebenza?"

Funso lenileni ndi lachitatulo. Mudalayo naye amadziwa kuti ufumu wake ndi wa mphindi 90 zokha, ndiye amaudyerera. Amayankha mochedwa, maso ali kumwamba, kuti petulo wakwera mtengo ndipo makinawo masiku ano akumamwa kwambiri. Anthu amamva. Mbale imayamba kuzungulira.

Pabalaza pamakhala malamulo omwe sanalembedwe paliponse, koma palibe amene amawaphonya. Sofa ndi ya mwini nyumba pamodzi ndi a landilodi oyandikana nawo. Amene wasonkha K10 amalandira mpando wa pulasitiki komanso ufulu wonse wotukwana woyimbira. Wa K5 amakhala pa kireti ya mowa, ndipo maganizo ake amaloledwa pa hafu taimu pokha. Amene sanasonkhe kanthu amaonerera pawindo, ntchito yake n'kuvomereza zonena anzake. Ana amayalana pansi kutsogolo, okonzeka kutumidwa ku kantemba pa nthawi yomwe kona ikukamenyedwa. Wa lendi amene ali ndi ngongole ya miyezi iwiri amasankha malo a pafupi ndi chitseko: chigoli chikalowa athamange kukakumbatira a landilodi, zinthu zikavuta asowe a landilodiwo asanakumbuke kuti lero ndi pa chani.

Nkhani ya zovala ndi yosavuta. Jezi yeniyeni ya FAZ anaisiyira a ku Kabulonga. Komboni imadalira Kamwala ndi salaula wa ku Soweto, ndipo lamulo ndi loti chovalacho chikhale chobiriwira kapena cha olenji, basi. Ku George mungapeze munthu atavala malaya obiriwira a timu ya sukulu ina ya ku Ireland, akuimba nyimbo ya fuko dzanja lili pamtima, popanda womuseka. Mnzake wabwera ndi chijasi chowala cha ogwira ntchito pamsewu. Koma ulemu waukulu umapita kwa mwini jezi yosuluka yolembedwa Katongo kumsana, imene inagulidwa mimba isanatuluke ndipo lero imalekeza pamchombo. Imeneyo sichapidwa mpikisano uli m'kati. Amayi a kunyumba anayesapo kuichapa, timu n'kugonja, nkhani n'kufika kwa ankhoswe.

Zambia ili ndi mphunzitsi mmodzi wolipidwa, ndi ena osawerengeka ogwira ntchito yaulere, ambiri mwa iwo akupezeka m'mabasi a pa Kulima Tower ndi m'malo ometera a ku Matero. Avram Grant anafikitsapo Chelsea mu fainolo ya Champions League mu 2008, Ghana n'kuifikitsa mu fainolo ya chikho cha Africa mu 2015, koma atalembedwa ntchito ku Lusaka mu December 2022 anadzapeza kuti kondakitala wa basi ya ku Chawama amaudziwa mpira kumuposa. Kondakitalayo, mutu uli kunja kwa windo, ndalama zapindidwa pakati pa zala, amatha kutulutsa osewera atatu n'kulowetsa ena pakati pa masiteji awiri, chenji cha anthu osabweza. Wometa naye akafika pa nkhani ya otchinga kumbuyo amaimitsa ntchito n'kumajambula mizere m'mwamba ndi makina, kasitomala ali pampando ndi tsitsi theka la mutu, akuvomereza zonse poopa kukhumudwitsa munthu wogwira lezala.

Mfundo za aphunzitsi aulerewa sizivuta kuzitsata. Timu ikagonja ili m'manja mwa mzungu, amati, "Mu Zambia tili na bantu, mzungu ni wa chani?" Akapatsidwa wa konkuno n'kugonja kawiri, pakamwa pomwepo pamatuluka zina: "Baitaneni chabe Renard."

Dzina la mphunzitsi Hervé Renard silichoka pakamwa chifukwa komboni ikudyabe za pa 12 February 2012, monga banja limene linaphapo ng'ombe pa ukwati wa mwana wawo ndipo mlendo aliyense amauzidwa, ngakhale lero ndiwo ndi kapenta. Usiku umenewo ku Libreville, mu fainolo ya chikho cha Africa, Zambia inakumana ndi Côte d'Ivoire ya Didier Drogba, Yaya Touré ndi Gervinho, timu yomwe inafika mu fainolo isanagoletsedwe ngakhale chigoli chimodzi. M'chigawo chachiwiri Drogba anapatsidwa penate n'kuiponya m'mwamba, ndipo ochemerera Chelsea a ku Chawama, amene Loweruka lililonse ankalumbira pa dzina lake, anavina kuposa wina aliyense. Mphindi 120 zinatha 0-0. Pa mapenate, goloboyi Kennedy Mweene anapita yekha kukamenya yake n'kumwetsa, kenaka n'kugwira ya Kolo Touré. Rainford Kalaba anali ndi mwayi wotseka nkhani, mpira n'kuuluka. Gervinho nayenso n'kuphonya, a Arsenal a ku Mtendere n'kumukana poyera kuti sanamuonepo. Stoppila Sunzu ndiye anamaliza, 8-7. Hervé Renard, mu shati yake yoyera ija, ananyamula Joseph Musonda amene anavulala masewero atangoyamba, n'kupita naye kwa anzake kuti akasangalale nawo.

Zonsezi mwana wa ku Kalingalinga wobadwa mu 2015 amazidziwa pamtima, chifukwa amazimva pamaliro, pa chilanga mulilo ndi pamzere wotungira madzi. Chodabwitsa n'chakuti anthu amene anakhudza chikhocho ndi manja, timu itatera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, akuchuluka chaka ndi chaka. Munthu amene sabata imeneyo anali kumudzi ku Petauke akupalira chimanga, lero amalumbira kuti anathamanga pambali pa galimoto ya osewera mu Great East Road monse, ndipo Mweene anamukodola.

Pali malo amodzi pomwe nthabwala zimaima. Pa 27 April 1993, ndege ya asilikali yomwe inanyamula timu kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville komweko. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera, pamodzi ndi mphunzitsi Godfrey Chitalu. Manda awo ali pa Heroes Acre, pambali pa Independence Stadium, pomwe wa ku Matero amafikapo wapansi. Nkhaniyi ikatchulidwa, ngakhale chidakwa chomwe chakhala chikusokosa chiyambire masana chimavula chipewa. Akuluakulu amakumbutsa achinyamata kuti Kalusha Bwalya, amene sanali m'ndegemo popeza ankasewera ku PSV ya ku Netherlands ndipo ankayenda ulendo wakewake, anatsogolera timu yongosonkhanitsa kumene mpaka fainolo ya chikho cha Africa ya 1994 ku Tunisia, komwe inagonja 2-1 kwa Nigeria. Amatchulanso Dennis Liwewe, mbadwa ya ku Malawi imene inasanduka liwu la mpira wa Zambia pa wailesi kuyambira masiku omwe timu inkatchedwa KK11, ndipo inamwalira mu 2014. Vuto ndi loti mudala aliyense wopitirira zaka 50 amakhulupirira kuti amatha kutsanzira Liwewe. Chisoni chikangopepuka amayamba, mitsempha ya m'khosi itatuluka, mpaka chifuwa chimamuletsa.

Mpira ukayamba, chigoli sichifika nthawi imodzi mu komboni. Chimayambira kwa agogo a wailesi, amene amakuwa okhaokha pakhonde. Pakapita masekondi angapo chimafika kwa a dikoda, malata n'kugwedezeka. Womaliza ndi mnyamata woonera pa foni: iye amamva komboni yonse ikuphulika, mavuvuzela, agalu, zivindikiro za mapoto, pomwe kwa iye mpira udakali pakati pa bwalo, kachizindikiro kakungozungulira. Ndipo si kukuwa kulikonse komwe kuli chigoli. Ku Mtendere anthu athyolapo mipando, kutaya Chibuku, kukumbatirana ndi adani awo, kenaka n'kuzindikira kuti anali ana akulandira malaiti. Ufumu wa mwini jenereta umathera pomwepo. Theka la anthu limatuluka osatsanzika, ndipo wa K10 uja amaima pakhomo kufunsa ngati petulo wotsalayo ali ndi chenji.

Chibwerereni chikho chija, zinthu pa mpikisanowu sizinayende. Mu 2013 Chipolopolo inalepherana ndi Ethiopia, Nigeria ndi Burkina Faso n'kubwerera kwawo. Mu 2015 inatulukanso mu ndime ya magulu. Mipikisano ya 2017, 2019 ndi 2021 inaionera pa TV pamodzi ndi a ku Kanyama. Itabwererako mu January 2024 ku Côte d'Ivoire, inalepherana 1-1 ndi DR Congo, Daka n'kuipulumutsa ndi mutu kumapeto kwenikweni kuti zithe 1-1 ndi Tanzania, kenaka n'kugonja 1-0 kwa Morocco. Masewero 9 m'mipikisano ya 2013, 2015 ndi 2024 imeneyi, osapambana ngakhale amodzi.

Mavutowa abala akatswiri a masamu. Munthu amene anasiyana ndi masamu ku Grade 9 mosatsanzikana amatenga katoni ya Chibuku, kuing'amba, n'kuyamba kulemba kuseri kwake. "Onani apa, mwana. Tikawina 2-0, aba na aba bakalepelana, na baja ba gulu inangu bakaluza, ninshi tapita." Anthu amaunjikana, wina akuwalitsa ndi tochi ya foni, ndipo kwa mphindi zingapo katoniyo imakhulupirika kuposa zimene maso aona kumene.

Masamu akakana, pamabwera kulumbira. "Ine bola ya Zambia nasiya. Nizankala chabe na Arsenal, BP yanga siifuna." Jezi imavulidwa pomwepo n'kuponyedwa kuseri kwa sofa. Kulumbira kumeneku kuli ndi mbiri yake: amene anasiya mpira wa Zambia mu 2019, n'kuusiyanso mu 2021, ndi omwewo anali oyamba kufika pa Intercity mu June 2023 kusaka basi ya ku Ndola, komwe Chipolopolo inathira Côte d'Ivoire 3-0 pa Levy Mwanawasa Stadium. M'basimo ankadandaula njira yonse kuti National Heroes Stadium, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ili pakhomo pawo penipeni koma masewero akuluakulu amakonda kupita ku Copperbelt. Pobwera anali ataiwala dandaulo, mawu atasasa, akunena kuti iwo sanakayikepo.

Pagulu lililonse palinso mmodzi wofunika kumuyang'anitsitsa. Wavala jezi ngati anzake, nyimbo ya fuko waimba mokweza kuposa onse, koma m'thumba la kumbuyo muli katikiti ka kubetcha kolembedwa dzina la timu inayo. Adani akamwetsa, iye amagwira kumutu pamodzi ndi aliyense, kungoti nkhope yake imachedwa kugwirizana ndi manja. Masewero akatha amapezeka pa michopo akuitanitsa ya mbuzi, akuti akuzimitsa chisoni.

Pomwe abambo akung'amba makatoni, timu ya amayi, Copper Queens, yakhala ikugwira ntchito. Pa masewero a Olympics a ku Tokyo mu 2021, Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu ndi Netherlands, n'kubwerezanso zitatu ndi China masewero otsatira. Mu February 2024 Racheal Kundananji anagulidwa ndi Bay FC ya ku America pa mtengo umene panthawiyo panalibe wosewera wamkazi pa dziko lonse anagulidwapo. Abambo a m'komboni nkhaniyi inawapeza osakonzeka. Poyamba ankati mpira wa akazi ndi wongosekera, akudutsa pabalaza ngati akufuna machesi, n'kuima pamenepo mpaka hafu taimu. Lero ena ayamba kale kunena kuti Barbra anamuona akadali wamng'ono ndipo anadziwiratu.

Tsiku la Copper Queens, malamulo a pabalaza amatembenuka. Amayi amene pa Chipolopolo amaonerera ali chilili pakhomo, mthiko uli m'manja, amakhala pa sofa n'kutambasula miyendo, nsima idzaphikidwa mpira ukatha. Bambo, ali pa kireti, amayesa kubweza ulemu wake pokumbutsa kuti ku World Cup ya 2023 atsikanawo anathiridwa 5-0 ndi Japan, n'kubwerezedwa 5-0 ndi Spain. Amayi amavomera, n'kuwonjezera kuti anagonjetsanso Costa Rica 3-1, kenaka amafunsa mofatsa, maso ali pa TV: "Nanga imwe batate bake, ba Chipolopolo banaluza zingati ku World Cup?"

Funso limeneli silinayankhidwepo m'nyumba iliyonse ya ku Chawama. Chipolopolo ku World Cup sinapiteko.