Chitamando cha Bakiteriya wa m'Thanki Yopanda Nsomba

Pakati pa zamoyo zonse zimene zimakhetsa thukuta mumzinda wa Tete, kuyambira pa mbuzi zotchuka za m'chigawochi mpaka pa madalaivala a malole amene amawoloka Zambezi usana ndi usiku, palibe chimene chimamanidwa ulemu ngati bakiteriya wa m'thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere, pamene ndi iye yekha amene angathe kudikiritsa munthu wandalama milungu isanu ndi umodzi popanda kupepesa. Thanki yotereyi ndi bokosi lagalasi la madzi amchere m'mene munthu amayesa kuweta korali, ndiko kuti tizamoyo ting'onoting'ono timene timadzimangira nyumba za mwala pansi pa nyanja, monga zimene zili ku Bazaruto ndi ku zilumba za Quirimbas, pamodzi ndi tinsomba tamawangamawanga timene timakhala m'menemo. Munthu wa ku Matundo kapena ku Chingodzi amene mtima wamutuma kuchita zimenezi amakhala atasankha kuitanira nyanja m'chipinda chake chochezera, ngakhale kuti msewu wopita ku Beira, kumene nyanjayo ili, ndi wa makilomita pafupifupi 600.

Ntchito ya bakiteriyayu imayambira pamene ulemu wa zolengedwa zina umathera. Nsomba iliyonse imatulutsa m'thupi mwake amoniya, poizoni wa fungo loboola m'mphuno amene amapezekanso m'mkodzo wogonera, ndipo pamene mumtsinje madzi oyenda amamukokolola, m'bokosi lagalasi amangounjikana mpaka nsombayo itafera m'zonyansa zake zomwe. Wasayansi wa ku Russia, Sergei Winogradsky, anaonetsa cha m'ma 1890 kuti pali magulu awiri a mabakiteriya amene amagawana ntchito yochotsa vutoli: gulu loyamba, m'mene muli Nitrosomonas, limadya amoniya ndi kumusandutsa naitiraiti, amenenso ndi poizoni, ndipo gulu lachiwiri, m'mene muli Nitrobacter ndi Nitrospira, limadya naitiraitiyo ndi kutulutsa naitireti, amene nsomba zimatha kumupirira akakhala wochepa. Kudikira kuti magulu awiriwa aswane ndi kukhazikika pamiyala ndi mumchenga ndiko kumene oweta nsomba amakutcha kukhwimitsa thanki, ndipo kawirikawiri kumatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi.

Asanafike wolemekezekayu, amafuna amukonzere malo mwa njira imene munthu wamba sangaimvetse. Madzi a Zambezi, amene amadutsa pansi pa mlatho wa Samora Machel mochuluka moti akhoza kudzaza mathanki onse a padziko lapansi dzuwa lisanalowe, iye sawafuna, chifukwa ndi amatope ndiponso alibe mchere. Madzi a pampope, tsiku limene abwera, amakhala ndi klorini, mankhwala amene amathiridwa dala kuti aphe abale ake. Choncho mwini thanki amagula makina osefera madzi kupyolera m'kachikopa kopyapyala, amene pa lita imodzi iliyonse yoyera amataya malita angapo, ndipo akapeza madzi oyera kuposa amene ana ake amamwa, amawathira mchere wokwana magalamu 35 pa lita kuti asamwekenso. Thanki ya malita 200 imameza makilogalamu 7, ndipo mcherewo si wa pamsika wothira m'ndiwo koma wochokera kunja, wosakanizidwa ndi kashiamu ndi zina zimene korali amamangira nyumba zake.

Apa ndi pamene pali chodabwitsa chimene chiyenera kulembedwa m'mabuku a mbiri ya mzindawu. Popeza bakiteriya sangaswane popanda chakudya, ndipo chakudya chake ndi amoniya, ndipo nsomba zotulutsa amoniyayo sizingalowe iye asanaswane, mwini thanki amatenga kamarau mmodzi, kankhanu ka m'nyanja kamene ku Tete kamafika kozizira ndiponso kodula, n'kumuponya m'madzi kuti aole. Bambo wolemekezeka, wa tayi ndi galimoto, amadzuka m'mamawa kukazonda ndiwo yowola, ndipo akamva kafungo amasangalala. Amatunga timadzi m'kabotolo, n'kudonthezamo mankhwala, n'kuyerekeza mtundu wake ndi mitundu ya pakhadi, ndipo tsiku limene khadilo lanena kuti poizoni wachuluka ndilo tsiku limene amaimbira foni anzake. Amoniya akayamba kutsika, naitiraiti amakwera, ndipo iye amakondweranso kachiwiri, popeza poizoni watsopano ndi umboni woti gulu loyamba layamba ntchito.

Anthu oyandikana naye, amene anaona galasi lalikulu likutsitsidwa pagalimoto, saiona choncho nkhaniyi. M'dera limene nsomba imadziwika ndi dzina la pende, kapenta kapena chicoa, ndipo funso lokhalo loifunsa ndi loti yaiwisi kapena youma, n'kovuta kufotokozera azakhali ochokera ku Angónia kuti nyale yabuluu ikuwunikira miyala, kuti pampu ikupemerera mchenga, ndi kuti amene akudyetsedwa muno ndi wosaoneka ndi maso. Azakhaliwo amayang'ana galasi, n'kuyang'ana mwana wa mlongo wawo, ndipo pobwerera kumudzi amakanena kuti mwanayo ndalama zake n'zokayikitsa. Ana amene anaonera filimu ya Finding Nemo amabwera masiku awiri oyamba, kenaka amasiya. Ndiye cha m'mlungu wachitatu kapena wachinayi galasi ndi mchenga zimakutidwa ndi ndere yofiirira yotchedwa dayatomu, imene imadya silika wa mumchenga watsopano ndipo kawirikawiri imatha yokha, koma mayi wa nyumba yoyandikana, amene wakhala akupukuta fumbi la malasha a ku Moatize pamawindo ake kwa zaka zambiri, sangauzidwe kuti limenelo si fumbi lomwelo limene tsopano laphunzira kusambira.

Khalidwe la bakiteriyayu pa ntchito ndi loti akuluakulu ena a m'maofesi akadaliphunzira. Safuna kangachepe, sapempha refresco, sapita kumsonkhano wa masiku atatu kuhotela kukakambirana za momwe angayambire ntchito, ndipo sanamvekepo akunena kuti bwana watuluka, bwerani mawa. Amadikiritsa ndithu, koma kudikiritsa kwake kuli ndi mapeto, zimene sizinganenedwe za pepala lililonse losiyidwa patebulo lina. Chachikulu n'chakuti salola kutsegulira chinthu chimene sichinathe. Bwana amene anazolowera kudula riboni pa mjigo umene sunayambe kutulutsa madzi, akagula thanki Lachisanu n'kuikamo nsomba khumi Loweruka kuti alendo a Lamlungu aone, pakatha masiku ochepa amazipeza zikuyandama chagada, ndipo palibe kalaliki woti amukankhire mlandu. Mabakiteriya a m'botolo amene amagulitsidwa m'masitolo a ku Johannesburg amafupikitsa nthawiyo, koma ngakhale iwo sasainira lipoti labodza: khadi likati amoniya alipo, ndiye kuti alipo.

Adani a thankiyi ku Tete ndi awiri, ndipo onse ndi odziwika kwa aliyense. Woyamba ndi dzuwa, chifukwa korali amafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27 ndipo amayamba kuyera ndi kufa akapyola 30 kwa nthawi yaitali, pamene mu Okutobala ndi Novembala mzindawu umapyola madigiri 40 popanda manyazi. Kutentha kumachepetsa mpweya m'madzi, kumaonjezera ukali wa amoniya, ndiponso kumaumitsa madzi n'kusiya mchere, moti tsiku ndi tsiku pamafunika kuonjezera madzi opanda mchere, ndipo miyala imagulidwira makina oziziritsa pamene mwini wake akugona pakhonde. Wachiwiri ndi kuthima kwa magetsi, pakuti bakiteriyayu amapuma mpweya umene pampu imabweretsa, ndipo madzi akaima maola ambiri amayamba kufa. Damu la Cahora Bassa, limene linamalizidwa mu 1974 ndipo lili ndi mphamvu yotulutsa mamegawati 2,075, lili m'chigawo chomwechi, ndipo mawaya ake amayenda makilomita oposa 1,400 kukawalitsa South Africa osatopa, koma kamtunda kochepa kolowa m'makwalala a kuno nthawi zina kamawalemera. Usiku wotero bambo uja amapezeka atagwira tochi pakamwa, akuvundula madzi ndi chipande kuti opanda nkhope aja asabanike, pamene nyama ya mufiriji ikuwonongeka popanda woilirira.

Tsiku limene amoniya ndi naitiraiti onse aonetsa ziro, thanki imatengedwa kuti yakhwima, koma bakiteriya wolemekezekayu salola chikhamu: nsomba zimalowa imodzi kapena ziwiri, kenaka n'kudikiranso milungu, popeza iye amaswana molingana ndi chakudya chimene chilipo. Naitireti amene amatsala amachepetsedwa potaya gawo limodzi mwa magawo khumi a madziwo mlungu uliwonse kapena iwiri, ndipo madzi otayidwawo, pokhala amchere, sangathiriridwe ngakhale pa bedi la repu la mayi woyandikana uja, amene amaonerera malita 20 akukhuthulidwa m'ngalande ali ndi zigubu zake zitatu pamzere, kudikira mpope umene unalonjezedwa kuti utulutsa madzi dzulo.