Ng'ala ya Galimoto Ipatsidwe Ulemu

Mwa ziwalo zonse za galimoto, palibe chimene chanyozedwa popanda mlandu kuposa nyali yakutsogolo imene yachita chikasu. Tayala likatha, mwini wake amalisamutsira kumbuyo kuti likapumuleko. Injini ikayamba kutsokomola, amaiitanira makaniko, ena mpaka kukongola ndalama. Koma nyali ikangochita ng'ala, munthu yemweyo amatenga mswachi wakutha, mankhwala otsukira mano ndi kansanza, n'kuikhalira pakhosi Loweruka lonse. Mlandu sazenga mbali imodzi. Lero nyaliyi iyankhuliridwe.

Tiyambe ndi kwawo, poti wolemekezeka satchulidwa dzina lokha. Chivundikiro choonekera cha nyali za masiku ano si galasi ayi. Ndi pulasitiki yotchedwa polycarbonate, ndipo si mwana wamasiye. Mu 1953 akatswiri awiri, Hermann Schnell wa kampani ya Bayer ku Germany ndi Daniel Fox wa General Electric ku America, anaitulukira aliyense kwawo, osauzana. Abale ake ndi ma CD ndi zishango zoonekera zimene apolisi amanyamula pa zionetsero. Isanalowe ufumu, nyali zinali za galasi, ndipo ku America lamulo linkakakamiza kuyambira 1940 mpaka 1983 kuti nyali ikhale yomata yonse, moti kawaya kam'kati kakapsa munkataya chinthu chonsecho. Galasi linali lodzikuza. Silinkasintha mtundu ngakhale lione dzuwa la zaka makumi atatu, koma kamwala kamodzi kothamangitsidwa ndi tayala la thiraki kankalithetsa mankhalu. Pulasitiki ndi yopepuka, imaumbika m'maonekedwe alionse, ndipo mwala imaulandira osasweka. Chimene imaopa ndi chimodzi: cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso, chotchedwa UV. N'chifukwa chake kufakitale amaikutira kachikopa kopyapyala koiteteza. Dzuwa, kutentha kwa babu, mchenga wouluka ndi sopo waukali zimakadya kachikopako pang'onopang'ono mpaka kachite ming'alu yosawerengeka, ndipo pulasitiki ikatsala pambalambanda imapsa n'kusanduka yachikasu. Choncho chimene anthu amati litsiro ndi zipsera za pankhondo. Ndani wa inu angaime maso ali gwa pa dzuwa la mu Okutobala ku Nsanje, chaka ndi chaka, osaphethira?

Ukoma wake woyamba ndi kunena zoona. Vitz, Sienta kapena Probox imatumikira kaye ku Japan, kenako iwoloke nyanja, itsike pa doko la Dar es Salaam, ilowe pa Songwe, ipezeke pamalo ogulitsira itapukutidwa mpaka kuwala. Wogulitsa amalumbira kuti ndi yatsopano, yangotsika kumene, fumbi siilidziwa. Penti akhoza kumuvomereza. Mipando yovekedwa nsalu ikhoza kumuvomereza. Ngakhale manambala a mtunda umene yayenda amadziwika kuti nthawi zina amabwerera ku unyamata. Nyali yokha ndi imene imakana kuchitira umboni wabodza. Imamuyang'ana wogula ndi diso lake lotuwa n'kumuuza mosapsatira kuti zaka zapita. Mboni zotere, zosalandira kangachepe, m'dziko muno zilipo zingati?

Ukoma wachiwiri ndi kusamala chuma. Mu 2018 bungwe la oyendetsa galimoto ku America la AAA linayeza nyali zoterezi ndipo linapeza kuti zimaponya pamsewu magawo 22 okha pa magawo 100 a kuwala kumene nyali yatsopano imaponya. Iwo anaulutsa nkhaniyi ngati chenjezo. Ife tiione bwino. M'nyengo ino imene aliyense akulalikira zochepetsa kumwaza, nachi chiwalo chimene chadula bajeti yake ndi magawo 78 popanda kuitanitsa msonkhano kunyanja. Komanso musaganize kuti kuwala konse kosowako kwabisidwa. Kwina kumagawidwa. Nyali yatsopano ndi yokondera, imalunjika pa phula basi. Ya ng'ala imamwaza kuwala mbali zonse: kwina ku nthambi za mitengo, kwina ku mitambo, kwina m'maso mwa dalaivala amene akubwera kutsogolo kuti nayenso alaweko. Amene amamanidwa ndi msewu wokha, ndipo msewu sunadandaulepo.

Ukoma wachitatu ndi uphunzitsi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe sukulu yoyendetsa galimoto imene inaphunzitsa mwambiwu kuposa nyali yachikasu pa msewu wa M1 usiku wopanda mwezi. Dalaivala amene masana amathamanga ngati msewu ndi wa bambo ake, usiku amasendeza chifuwa pa chiwongolero, mphuno n'kutsala pang'ono kukhudza galasi. Wailesi imazimitsidwa. Foni imaiwalika. Banja lonse limalowa ntchito: mayi ayang'ane kumanzere ngati kuli wakabaza wopanda kanyali, mwana wamkulu ayang'ane ngolo ndi mbuzi, wamng'ono awerenge maenje. Nthambi zobiriwira zikaoneka pamsewu, onse amadziwa kuti patsogolo pafera thiraki, ndipo dzina la Mulungu limatchulidwa ndi mtima wonse ngakhale ndi amene sanaponde kutchalitchi chaka chonse. Ndi mlangizi uti wa mabanja amene anagwirizanitsa anthu msanga chotere?

Onyoza mtundu wake adziwenso kuti chikasu chinakhalapo pampando. Ku France, kuyambira m'zaka za m'ma 1930 mpaka 1993, lamulo linkafuna kuti nyali za galimoto ziziwala mwachikasu, poganiza kuti kuwala kotere sikuthobwa m'maso. Zoona, chawocho chinali chikasu choyera, chochita kupangidwa dala, chosatchinga njira. Komabe chimene Afalansa ankachita kulembera m'malamulo, Sienta ya ku Ndirande imachipeza yokha, kwaulere, pongogona pabwalo.

Tisaiwale ntchito zimene yapezetsa. Mankhwala otsukira mano akanathera m'kamwa moyo wawo wonse, koma nyali inawatulutsa kuti aone dziko. Muli timchenga tosalala kwambiri, kawirikawiri ta silica kapena choko, ndipo tikakwechesedwa timachotsadi kachikasu kapamwamba. Soda wa m'khitchini naye anapeza ganyu. Ena amapaka mafuta ophikira, amene amadzaza ming'alu ija n'kuinamiza nyali kuti yabadwanso, mpaka mvula yoyamba kapena fumbi loyamba. Olimba mtima amapopera mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, amene amasungunula pamwamba pa pulasitiki, ndipo akadontha amalawanso penti ndi labala. Anyamata a pakawoshi amapezapo ya sopo. Zonsezi nyali imazipirira mwaulemu. Imawala madzulo amenewo kuti mwini wake aitane aneba, ajambule chithunzi, atumize kwa achibale pa WhatsApp. Pakapita masabata kapena miyezi yochepa chikasu chimabwerera pamalo pake, osasunga mangawa. Abwenzi ambiri ukawathamangitsa kamodzi sabweranso. Uyu amabwera, ndipo amabwera msanga kuposa poyamba, chifukwa kukwecha kuja kunachotsanso kachikopa kotsala kamene kankamuchedwetsa.

Pali njira imodzi yokha imene imaigonjetsadi, ndipo ndiitchula kuti okonda ng'ala aidziwe n'kuipewa. Adani enieni amayamba ndi kutsuka nyali ndi madzi a sopo, n'kumata tepi kuzungulira kuti penti asakalike. Kenako amatenga sandipepala wa m'madzi, amene amamuviika kaye, n'kuyamba ndi wokhakhala wa nambala 800. Amakwecha mopingasa, akuthira madzi osalekeza, mpaka madzi otsika asiye kuoneka achikasu ayambe kuyera ngati mkaka. Apa nyali imachita mbuu kuposa kale, ndipo amantha amathawira pomwepa poganiza kuti aononga galimoto. Ouma mtima amapitiriza ndi 1500, akukwecha chotsika ndi chokwera kuti afafanize mizere ya woyamba uja, kenako 2000, kenako 3000, nambala iliyonse kusintha mbali. Akatero amapaka polishi wa pulasitiki kapena wa penti ya galimoto ndi nsalu yofewa mpaka babu ioneke bwinobwino m'kati. Nkhanza yomaliza ndiyo yoopsa: amapukuta, kuumitsa, n'kupaka mankhwala oonekera otchinga UV, galimoto ili pamthunzi popanda fumbi, osaikhudzitsa madzi mpaka aume. Chikopa chatsopanocho ndicho chimatseka khomo. A AAA aja anapeza kuti kukonza kotere kumabweza kuwala kufika pa magawo pafupifupi 70 pa 100. Onani kulimba kwake: ngakhale itagonja, imachoka itanyamula magawo 30, ndipo wofuna onse 100 ayenera kugula nyali yatsopano yeniyeni.

Mwamwayi, abwenzi ake ndi ambiri kuposa adani. Alipo amene amachita zonsezi koma n'kudumpha chikopa chomaliza poti ndalama yathera pa sandipepala. Alipo amene amakwecha kunja pamene vuto lili m'kati, momwe mwalowa chinyezi kapena mbale yonyezimira yathimbirira. Ndipo alipo okondedwa koposa, amene amasiya ng'ala ili chomwecho n'kugula mababu a LED owala ngati kuwotcherera, kuti kugawa kuja kufikire aliyense woyenda pamsewu kuyambira ku Lunzu mpaka ku Zalewa.

Pempho langa kwa onse oisunga ndi lakuti ulemu ukhale wathunthu. Nkhalamba yolemekezeka, ya maso otopa, situmidwa usiku. Dzuwa likamapendeka, iimikeni galimoto pakhomo, muifunditse, makiyi muwapachike. Amene ali ndi maliro ku Mzimba kapena odwala ku Queens, woti sangadikire kucha, ameneyo tamukhululukira: apite ku hadiweya akagule sandipepala wa manambala onse anayi, ndipo asatuluke m'sitolo asanafunse za mankhwala a UV. Wakabaza amene ali kutsogolo kwake sanavomere nawo kuti afere ulemu wa nyali ya eni.