Ulemu kwa Agogo a Pansi pa Tebulo

Anthu osayenda amafunsa kuti munthu mmodzi, wamaso awiri ndi manja awiri, amatani nawo makompyuta anayi m'nyumba ya zipinda ziwiri. Kuno ku Ongata Rongai funso lotere n'lochititsa manyazi. Lino ndi dera la Kajiado, dziko la Amasai, kumene mpaka lero ng'ombe zikafuna kuwoloka Magadi Road galimoto zimaima mwaulemu. Aliyense akudziwa kuti ulemu wa khomo uli m'khola, ndipo mwini khola safunsidwa kuti zokamidwa ndi zingati. Ife obwera, amene tilibe msipu koma nyumba ya lendi pansanjika yachitatu, tinangosintha mtundu wa ziweto.

Yoyamba ndi laputopu ya kuntchito. Imeneyi ndi mlendo wolemekezeka: sikhudzidwa ndi mwana, siyandikana ndi kapu ya tiyi, ndipo pasiwedi yake imasintha mwini wake asanailoweze. Ntchito yake yaikulu n'kukwera matatu, minibasi za kuno. Imadzuka m'mbandakucha, n'kukakhala pamiyendo pa mbuye wake mumdipiti wa galimoto, kuwonerera anyani a m'mphepete mwa Nairobi National Park akudya zawo mosatekeseka, kudutsa pa Multimedia University, mpaka kukafika m'tauni dzuwa litakwera. Usiku imabwerera osatsegulidwa n'komwe, koma mawa lake imanyamulidwanso, poopa kuti mwina abwana angaimbe.

Yachiwiri ndi ya ana. Inabwera mu 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha mliri wa korona, makolo onse a mu Nairobi atakhamukira m'timashopu ta ku Luthuli Avenue ndi Moi Avenue kukasaka malaputopu a kaunjika, amene ogulitsa amati ndi a ku UK. Maphunziro a pa intaneti anatha sukulu zitatsegulidwa, koma laputopu inatsala, ndipo tsopano ikutumikira dziko poonetsa makatuni. Tsiku lina inamwa phala, batani la chilembo cha "a" n'kufa. Mkenya wolemba Chingerezi akhoza kupirira, koma yesani kulemba Chichewa popanda chilembo chimenechi. Kalata yopita kwa amalume ku Kasungu inayamba ndi "Muli bwnji mlume", ndipo mpaka lero akuganiza kuti Nairobi yandizulira mano.

Yachitatu ndi ya mayi a kunyumba. Batire lake linamwalira kalekale, motero ngakhale dzina lake lili la kompyuta yoyenda nayo, sinachokepo pafupi ndi khoma. Imasunga mawerengero a gulu la amayi losonkherana ndalama, komanso mafilimu. Ili ndi udindo wina wosalembedwa: ndiyo imalengeza za kuthima kwa magetsi. Babu isanaphethire, iyo yazima kale, pamodzi ndi zonse zimene zinalembedwa madzulo amenewo.

Koma zonsezi ndi ana. Ulemu wanga lero ukupita kwa Agogo.

Agogo ndi kompyuta ya patebulo, yotuwa, ya sikirini ya chimbuyo chachikulu chimene munthu amachinyamula atakumbatira. Anabwera pa basi kuchokera ku Lilongwe, kudzera pa Songwe, Mbeya ndi Namanga, atakulungidwa m'bulangete, pamene mwini wawo ankazizidwa. M'mimba mwawo muli Windows XP, imene inatuluka mu 2001 ndipo a Microsoft anasiya kuisamalira mu Epulo 2014. Agogo sanamve nkhani imeneyi, chifukwa pofika chakacho anali atasiya kale kuyaka.

Musaganize kuti kusayaka ndi ulova. M'nyumba muno palibe wotanganidwa kuposa iwo. Pamutu pawo pali kansalu koluka ndi manja, pamwamba pa kansaluko pali maluwa apulasitiki, ndipo pambali pa maluwa pamakhala kabokosi ka Wi-Fi, kamene kamagwira bwino pamenepo pokha. Bokosi lawo la pansi ndilo popondera mapazi munthu akamagwiritsa ntchito makompyuta enawo. Kakabati ka CD, kamene kanatseguka chaka china osatsekekanso, ndi posungira makiyi a pageti ndi timakobili ta madzi. M'kati mwawo mibadwo ya mphemvu yabadwira ndi kukuliramo mwamtendere, osalipira lendi. Mundiuze laputopu yamakono imene ingasenze maudindo onsewa popanda kudya ngakhale yuniti imodzi ya magetsi.

Pamwamba pa zonse, Agogo ndiwo msungichuma wa mbiri ya banja. Muli zithunzi za ukwati. Muli zithunzi za mwana woyamba akukwawa, nyimbo za kwaya ya kwathu, ndi mutu woyamba wa buku limene likanagwedeza dziko. Palibe amene waziona zinthuzi kwa zaka zambiri, ndipo n'chifukwa chake n'zokongola kwambiri. Pazithunzi zimene sizioneka, mkwati sanatsinzine, suti ya mkwati sinali yobwereka, ndipo keke sinapendekeke.

Fundi wina wa makompyuta pamsika pathu pano, mnyamata wodziwa ntchito koma wosadziwa mwambo, anayesapo kusokoneza mtendere umenewu. Anati nkhani yake ndi yaing'ono: angotsegula bokosilo, achotse hadi disiki, aitsanulire mu fulashi, dzuwa lisanalowe zithunzi zonse tikhala tikuziona pa foni. Kenako chotsalacho tingam'patse iyeyo akachotsemo zitsulo. M'nyumba munagwa chete.

"Bambo, mwamva zimene akunena mwanayu?" anatero mayi a kunyumba.

"Ndamva, mayi. Tim'yankha tikakambirana."

Tikukambiranabe. Mnyamatayo sanazindikire kuti zithunzi zikangotuluka, Agogo atsala opanda chifukwa chokhalira, ndipo ife titsala opanda poika maluwa. Ndiye zithunzi ziyenera kukhala momwemo kuti kompyuta isatayidwe, ndipo kompyuta siingatayidwe chifukwa muli zithunzi. Nzeru yozungulira bwino chonchi simungaipeze ngakhale ku Africa Nazarene University kuseri kuno.

Tikamasamuka nyumba, monga achitira anthu a ku Rongai lendi ikakwera, Agogo ndiwo amayamba kukwera galimoto, ndipo amakhala kutsogolo. Firiji, imene imagwira ntchito usana ndi usiku, imamangidwa ndi chingwe kumbuyo n'kumamwa fumbi. Kumbuyo komweko kumakhalanso chikwama cha zingwe: matchaja a mafoni amene anabedwa kalekale, mawaya a pulinta imene sitinakhalepo nayo, ndi mausi atatu opanda mawilo. Tchaja chogwira ntchito m'nyumba muno n'chimodzi, ndipo chimayenda chipinda ndi chipinda mwa kalavulagaga.

Nthawi zambiri tchajacho chimakhala kwa aneba a pamwamba. Amenewa ndi mnyamata wa masikirini atatu oyalidwa pakhoma, amene amagona masana n'kumagwira ntchito usiku. Ena amati amagulitsa ndalama zakunja, ena amati amalembera ana asukulu a ku Ulaya ndi ku America homuweki. Iye amangoti ali pa intaneti. Chodabwitsa n'chakuti intanetiyo ndi yathu, chifukwa pasiwedi anabwereka kwa tsiku limodzi chaka chatha. Aneba a kumanzere nawo ali ndi makompyuta asanu, ndipo sabata iliyonse amagogoda kudzafunsa mmene angatumizire chithunzi pa WhatsApp.

Apa ndiye pamene chitamando chimandithera pakamwa. Tauni ino inali ndi anthu oposa 170,000 pa kalembera wa 2019, ndipo ambiri mwa iwo amatulukira msewu umodzi womwewo. A mu Nairobi amatiseka kuti kubwera kuno n'kofunika pasipoti. Munthu wochoka nyenyezi zikuoneka n'kubwerera ana atagona, makompyuta anayiwo awatsegula nthawi yanji? Lendi timalipira pa M-Pesa, mayunitsi a magetsi timagula pa foni, malipoti timawerenga pa foni, maliro a kumudzi timasonkha pa foni, zonsezi titakhala mu matatu nyimbo zikugunda pachifuwa. Kafoni kosweka galasi ndiko kamalima munda wonse, koma sikanafunditsidwepo kansalu koluka.

Ndiye pali akuluakulu a ku ofesi ina, amene analengeza monyadira kuti masiku ano zonse n'za pa intaneti, palibenso kuima pamzere. Munthu umadzaza fomu pa laputopu ya mayi, magetsi n'kuthima. Umayambiranso pa ya ana, dzina lako n'kutuluka lopanda "a". Ukamaliza pa foni, uthenga umabwera wakuti usindikize makope awiri ndipo ubwere nawo wekha m'mawa. Motero mwini makompyuta anayi amatsika masitepe, kudumpha matope, n'kukaima pamzere pa kashopu ka intaneti kuti alipire kugwiritsa ntchito kompyuta ya eni ake. Kumeneko amakumana ndi aneba a makompyuta asanu aja, onse n'kuyang'ana kumbali. Akafika ku ofesiko bwana amam'landira ndi mawu amene anawaloweza bwino: netiweki yagwa, mubwere mawa. Patebulo la bwanayo pali makompyuta awiri, ndipo imodzi ili ndi maluwa pamwamba.

Pali anthu amene amalandira zinyalala zamagetsi, monga a WEEE Centre mu Nairobi momwemu, kuti mtovu ndi zina zoipa za m'makinawa zisakathere kudzala la ku Dandora. Ntchito yawo ndi yabwino ndipo ndimailimbikitsa kwa anthu ena onse. Nawonso a Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, kutanthauza kuti malaputopu ambiri a kaunjika aja ayamba kale ulendo wopita ku ugogo. Oluka tinsalu akonzekere, msika ukubwera.

Mwezi watha mphwanga wa ku Kasungu anatumiza uthenga. "Achimwene, ndamva kuti muli nawo anayi. Tapatulaniko imodzi, ndayamba kozi." Bwalo la banja linakhala pansi n'kuunika nkhaniyi mofatsa. Ya kuntchito ndi ya eni ake. Ya ana ingam'phunzitse kulemba molakwika. Ya mayi singapirire magetsi a kumudzi. Dzina la Agogo palibe analitchula, chifukwa m'nyumba muno tinaleredwa. Tinagwirizana zogula yachisanu, kuti imodzi mwa zinazi imasuke. Yachisanuyo yafika, ndi yopepuka bwino, ndipo tapeza kuti ikukwanira ndendende pansi pa mwendo waufupi wa tebulo la TV. Mphwanga apitirize kaye kulemba m'kope.