Walira Mvula Walira Matope: Webusayiti ndi Matope Ake ku Kitwe ndi ku Ndola

Mwambi wakuti walira mvula walira matope umaphunzitsa kuti chabwino chilichonse chimabwera ndi katundu wake, ndiponso kuti wopempha chabwinocho wavomera kale kusenza katunduyo ngakhale kuti pa tsiku lopempha sanamuone. Mwambiwu unafika ku migodi ya kopa pamodzi ndi anthu a ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndi a ku Nyasaland amene ankakhamukira ku Nkana m'zaka za m'ma 1930, ndipo sunavutike kuzolowera, pakuti dera la Copperbelt limalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 pa chaka, kotero kuti wokhala ku Chimwemwe ku Kitwe kapena ku Chipulukusu ku Ndola safuna mphunzitsi womumasulira. Chimene makolo sanachiganizire n'chakuti mawu awo adzagwira ntchito pa chinthu chosanyowa, chomwe ndi webusayiti, kutanthauza masamba a pa intaneti amene kampani, sukulu kapena mpingo umadziwonetserapo kwa anthu.

Mvula imeneyi inayamba kuunjikana kutali, ku CERN pafupi ndi Geneva, kumene Tim Berners-Lee anakonza njira yolumikizira masamba mu 1989, ndipo inawaza ku Zambia mu 1994, pamene ZAMNET, kampani yobadwira pa University of Zambia, inalumikiza dzikoli ku intaneti. Lerolino pafupifupi wabizinesi aliyense amailira. Wogulitsa mabawuti ndi nsapato za chitetezo ku migodi ya Mopani amafuna imelo yokhala ndi dzina la kampani yake, poopa kuti kalata ya tenda yochokera pa Gmail imaoneka ngati yalembedwa pansi pa mtengo wa mango, mwini nyumba yogona alendo ku Ndola amafuna adiresi yoti aisindikize pa khadi chionetsero cha Zambia International Trade Fair chisanatsegulidwe, ndipo onsewa amakhala ndi mphwawo wophunzira za makompyuta pa Copperbelt University, amene amalonjeza kuti, "Amalume, zimenezo n'zophweka, pofika Lolemba tsamba likhala litatuluka." Mphwakeyo sanama, chifukwa pulogalamu ya WordPress, imene inayamba mu 2003 ndipo imayendetsa masamba oposa 40 pa 100 alionse a padziko lapansi, imalola munthu kumanga tsamba m'masiku awiri. Tsikulo mvula imagwa, keke imadulidwa, adiresi imatumizidwa kwa abale onse pa WhatsApp, ndipo palibe amene amayang'ana pansi.

Matope oyamba ndi a domeni, lomwe ndi dzina limene munthu amalemba kuti afike pa tsambalo. Maina othera ndi .zm, monga .co.zm a makampani ndi .ac.zm a masukulu apamwamba, amayang'aniridwa ndi bungwe la ZICTA, pamene a .com amagulidwa kwa makampani akunja ndipo mtengo wake umawerengedwa m'madola, zimene zikutanthauza kuti kwacha ikatsika mphamvu dzinalo limakwera mtengo popanda chilembo ngakhale chimodzi chowonjezekapo. Chimene ambiri sachimvetsa n'chakuti domeni sigulidwa kotheratu koma imabwerekedwa chaka ndi chaka, ndipo kalata yokumbutsa kulipira imapita kwa amene analembetsa. Wolembetsayo nthawi zambiri amakhala mphwake uja, amene pofika chaka chotsatira anamaliza maphunziro, anapeza ntchito ku Solwezi, anasintha nambala ya foni, ndipo pasiwedi anaisunga m'kope limene linakulungiridwa mtedza. Dzina la .com likatha nthawi, ndipo masiku olilipirabe pa mtengo wamba akadutsa, pamatsala masiku 30 omaliza oliwombolera pa mtengo wokwera kwambiri, kenako limagulitsidwa kwa aliyense, ndipo sizachilendo kuti adiresi imene inali ya sukulu ya mkaka iyambe kuitanira makolo ku njuga.

Matope achiwiri ndi a hosting, komwe ndi kuchita lendi malo pa seva, kompyuta yosazimitsidwa usana ndi usiku imene imasunga mafayilo a tsambalo n'kumawapereka kwa aliyense wowapempha. Seva ikhoza kukhala ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku Frankfurt, ndipo malo otsika mtengo kwambiri amakhala ogawana ndi masamba ena mazanamazana, kotero kuti mmodzi akalandira alendo ambiri, onse amayenda mokwawa. Seva ikadandaula imalankhula m'manambala, amene wophunzira wa matope ayenera kuwaloweza pamtima. Nambala 404 imatanthauza kuti tsamba lofunidwalo palibe, mwina chifukwa linasamutsidwa popanda kutsanzika. 500 imatanthauza kuti china chake chasokonekera mkati mwa seva, ndipo sevayo yasankha kusaulula. 503 imatanthauza kuti seva yalemedwa kapena ikukonzedwa, ndipo wopempha abwerenso nthawi ina. Pakati pa dzina ndi seva pali DNS, kaundula amene Paul Mockapetris anamukonza mu 1983, womasulira dzina kukhala nambala ya kompyuta. Munthu akasamutsa tsamba kupita ku seva ina, kaundulayu amatha kutenga maola ofika 48 kuti nkhani ifike paliponse, ndipo m'maola amenewo tsambalo limatha kuoneka lamoyo kwa wina ku Kitwe koma lakufa kwa mnzake ku Ndola, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 okha.

Matope achitatu ndi ochititsa manyazi kuposa onse, chifukwa amaonekera kwa mlendo. Kuyambira mu Julayi 2018, bulawuza ya Chrome, yomwe ndi pulogalamu yotsegulira masamba, inayamba kulemba chenjezo lakuti tsamba ndi losatetezeka pa tsamba lililonse lopanda satifiketi ya HTTPS, chiphaso chotsimikizira kuti uthenga wa pakati pa foni ndi seva wabisidwa kuti wina asauwerenge m'njira. Bungwe la Let's Encrypt limapereka satifiketi imeneyi mwaulere, koma yakhala ikutha pakapita masiku 90, ndipo ngati dongosolo loikonzanso lokha lalephera, kampani yoona mtima imene yalipira msonkho wonse imadzuka m'mawa ikutchedwa yoopsa ndi makina amene sanaione n'komwe. Nthawi zina mlandu suli pa tsambalo ayi, koma pa kompyuta yakale ya mu ofesi imene kabatire kake ka wotchi kanafa, moti imakhulupirira kuti chaka chino ndi 2009, ndipo imakana satifiketi iliyonse poiona ngati yochokera m'tsogolo.

Pa bulawuza pomwepo pali matope ena otchedwa cache, omwe ndi makope a masamba ndi zithunzi amene foni kapena kompyuta imasunga kuti isamazikokenso ulendo uliwonse. Cholinga chake n'chabwino, koma zotsatira zake zadanitsa anthu ambiri: wokonza tsamba amasintha mtengo wa simenti, mwini sitolo amatsegula foni yake n'kupeza mtengo wakale, ndipo kukambirana kumene kumatsatira kumakhala ndi ziganizo ziwiri zokha zobwerezedwa mpaka mayunitsi atatha, china chakuti, "Bwana, kwa ine kuno zikuoneka bwinobwino," china chakuti, "Mwana iwe, kodi ukuti ine ndilibe maso?" Onse awiri amanena zoona. Mankhwala ake ndi kudina Ctrl ndi F5 pamodzi, kufufuta cache, kutsegula tsambalo pa zenera lachinsinsi, kapena kuliyesa pa bulawuza ina monga Firefox ndi pa netiweki ina, kuchoka pa Airtel kupita pa MTN kapena Zamtel. Kuyesa kotereku kumasonyeza ngati vuto lili pa foni, pa netiweki kapena pa seva, ndipo kumatenga nthawi yochepa kuposa mkangano.

Palinso matope amene mwini tsamba amawaponda yekha ndi manja ake. Popeza amakonda galimoto yake yatsopano, amalamula kuti chithunzi chake cha mamegabayiti 8 chiikidwe pamwamba, pamodzi ndi vidiyo yoyamba yokha, ndipo zonsezi amaziyesa pa intaneti ya faiba ya mu ofesi, pamene wogula wake ali pa msika wa Chisokone kapena wa Masala ndi foni yotsika mtengo ndi bandulo yotsala pang'ono kutha. Wogulayo safika pa nambala ya foni imene amaifuna, koma amalipirira kuona theka la tayala. Chithunzi chomwecho chitachepetsedwa kufika pa makilobayiti 200 chimaoneka chimodzimodzi pa foni, kungoti galimotoyo imafika msanga.

Chaka cha 2024 chinawonjezera mutu watsopano pa maphunziro a mwambiwu. Mvula yeniyeni inakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo popeza magetsi oposa 80 pa 100 alionse a Zambia amachokera ku madzi a Kariba, Kafue Gorge ndi malo ena otero, kuzimazima kwa magetsi kunafika maola 17 pa tsiku, nthawi zina kuposerapo. Seva za ku Frankfurt zinapitiriza kugwira ntchito mokhulupirika, moti masamba a mabizinesi a ku Kabushi ndi ku Wusakile ankaoneka bwino kwambiri kwa anthu a ku Germany, pamene eni ake ndi ogula awo ankafunafuna potchajira foni. Apa zinadziwika kuti intaneti ya ku Copperbelt imadalira mitambo yeniyeni, ndipo kuti wofuna webusayiti ayenera kulira mvula mitundu iwiri.

Ena ataona zonsezi amathawira pa Facebook ndi pa WhatsApp, kumene kulibe domeni, kulibe lendi, ndipo matope amasesedwa ndi anthu olipidwa bwino ku California. Njirayi ndi yanzeru kwa wogulitsa salaula kapena nkhuku, koma ili ndi dambo lake: tsambalo si la mwini bizinesi, likhoza kutsekedwa kapena kubedwa popanda ofesi yokadandaulako, ndipo pa 4 Okutobala 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima pamodzi kwa maola pafupifupi 6 chifukwa cha kulakwitsa kwa akatswiri ake omwe, tsiku limene olemera a dziko lapansi anaterereka mofanana ndi mphwake uja wa pa Copperbelt University.

Mwambiwu suletsa kulira mvula, pakuti palibe mlimi amene anakolola fumbi. Umangofuna kuti wolirayo agule majombo. Majombo a webusayiti ndi odziwika ndipo si odula. Domeni ilembetsedwe m'dzina la mwini bizinesi ndi pa imelo imene iye amaitseguladi. Mapasiwedi a domeni, a hosting ndi a WordPress aperekedwe kwa iye ndalama yomaliza isanalipiridwe. Tsiku lolipira lilembedwe pa kalendala yomweyo yolembapo lendi ya sitolo. Kope la tsamba lonse lisungidwe kwina kunja kwa seva. Ndipo pakhale pangano lolembedwa lonena amene adzakonze zinthu zikawonongeka ndi ndalama imene adzalandire. Mfundo yomalizayi ndi imene imavuta kwambiri, chifukwa imafuna kuti malume alipire mphwake chaka ndi chaka, chinthu chimene m'mabanja ambiri a ku Kitwe ndi ku Ndola chimaonedwa kukhala chovuta kuposa luso lonse la makompyuta.