Kodi Womwalira Amasaina Bwanji?

Anzanga, ine sukulu ya malamulo sindinapondeko, ndipo ndikuganiza kuti nanunso ndi chimodzimodzi. Tsono tithandizane nkhani iyi ya ku America. Mu 1994 mayi wina wa m'chigawo cha Arkansas anamwalira osasiya wilo. Chuma cha masiye chinali pafupifupi madola 233,000, ndipo woyenera kuchilandira anali mwana wawo, bambo Drye. Koma bamboyo anali ndi ngongole ya msonkho ya madola pafupifupi 325,000. Munthu wotere akatambasula manja kuti alandire, walandira ndani, iyeyo kapena boma?

Bambo Drye anachita zomwe lamulo la ku Arkansas limalola: analemba kuti chumacho sakuchifuna. Apa mutu wanga unayamba kuzungulira. Lamulolo limati wokana chuma cha masiye amawerengedwa ngati anatsogola kumanda mwini chumayo asanamwalire. Anatsogola liti? Uthenga wa maliro unamveka kuti? Anagona pasiwa ndani? Nanga womwalirayo anagwira bwanji cholembera posaina kuti sakufuna chuma?

Poti bambowo anali atamwalira pa pepala, chumacho chinagwera mwana wawo wamkazi. Mu 1995 mwanayo anachiika m'thumba la banja, lomwe maloya amalitcha trust. Kiyi anapatsidwa loya wa bambo Drye, ndipo thumbalo linali la mtundu wotsekera angongole kunja. Odyerera m'thumbamo anali mwanayo, mayi ake, ndi bambo Drye omwewo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti akufa sadya. Kapena a ku Arkansas amadya?

Bungwe lotolera msonkho la IRS silinabwere kudzapepesa maliro. Linabwera kudzafuna ndalama zake. Mlandu unakafika kukhoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu Disembala 1999 oweruza onse 9 anagwirizana ndi IRS. Chigamulo analemba ndi Ruth Bader Ginsburg. Mfundo yake inali yakuti lamulo la chigawo limanena zimene munthu ali nazo, koma lamulo la boma lalikulu ndilo limagamula ngati msonkho ungazigwire. Ndipo poti bambo Drye pokana ankadziwa kumene chumacho chikagwere, ndiye kuti anali nacho mphamvu. Tsono kukana ndi kulandira ndi chinthu chimodzi? Bambo akakankhira mbale ya nsima kwa mwana wake, wadya ndi bamboyo?

Akatswiri amafotokoza kuti thumba lotsekera angongole limabweza wa sitolo ndi wa banki, koma sililetsa IRS ngati munthu wosalipira msonkhoyo ali ndi ufulu wolandira gawo lake. Ngati kupereka kuli m'manja mwa wogwira kiyi yekha, nthawi zambiri IRS imakhala pakhomo kudikira tsiku limene ndalama idzatuluke. Ndiye munthuyo akamva njala, wogwira kiyi apereke podziwa kuti wolandira ndi wina? Mpanda wobweza mbuzi koma wolowetsa njovu, tiutchebe mpanda?

Chondisowetsa tulo ndi ichi. Ngongoleyo sinali ya mayi aja, sinalinso ya mdzukulu wawo. Inali ya munthu mmodzi, wakufa m'buku la chuma cha masiye, wamoyo m'buku la msonkho. Munthuyu akapita kumanda kwa mayi ake, amapita ngati namfedwa, kapena ngati wobwerera kwawo?